Kusamvana m'Nkhani: Wachinyamata ndi Mbalame Yosowa ya ku Liwonde

M'phunziro lino tikambirana za kusamvana, komwe ndi msana wa nkhani iliyonse yopeka. Ophunzira ambiri akamva mawu akuti kusamvana amangoganiza za ndewu: bambo ndi mayi kulimbirana ndalama za fodya, apongozi kutukwanizana pachitsime, kapena mbava kuthamangitsidwa pamsika. Kumeneku ndi kusamvana ndithu. Koma ziliponso nkhani zina zomwe mulibe wotukwana kapena womenya mnzake, chikhalirecho wowerenga amafika kumapeto mtima uli m'mwamba. Nkhani zoterezi ndi zomwe zimakugwetsani pamayeso, chifukwa funso likati fotokozani kusamvana, inu mumayamba kufunafuna pomwe pali nkhonya, ndipo mukapanda kupapeza mumalemba kuti m'nkhaniyi anthu adali omvana.

Titenga chitsanzo chapafupi. Taganizirani wachinyamata wa ku Nsanama, m'boma la Machinga, amene wafunitsitsa kuona mbalame ina yosowa. Sakufuna kuitchera ulimbo kapena kuigenda ndi legeni. Akungofuna kuiona ndi maso ake, kenaka n'kulemba m'kope kuti tsiku lakutilakuti, pamalo akutiakuti, ndidaiona. Mwina mwayamba kale kuseka. Kusekako kusungeni, tikugwiritsa ntchito posachedwapa. Pakadali pano tiyerekeze kuti wachinyamatayo ndinu.

Mbalame yake ndi iti?

Mlembi ayenera kuchidziwa bwino chinthu chimene mpangankhani wake akuchisaka. Nkhani yongoti "mbalame yokongola kwambiri" siigwira mtima, chifukwa wowerenga saona kanthu.

Chakumadzulo kwa Nsanama kuli paki ya Liwonde, yomwe idakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire. M'pakimo mudapezeka mitundu ya mbalame yoposa 380, pamene Malawi yense ali ndi mitundu pafupifupi 650. Mwa mbalame zimenezi muli kachinkhwe kakang'ono, kotalika masentimita 13 kapena 14 basi. Thupi lake ndi lobiriwira, nkhope yofiirira ngati papaya lakupsa, mlomo wofiira, ndipo diso lazunguliridwa ndi kamzere koyera. M'mabuku a Chingerezi amakatcha Lilian's Lovebird, ena amati Nyasa Lovebird. Dzina loyambalo lidachokera kwa katswiri wa mbalame wa ku Britain, George Shelley, yemwe mu 1894 adakatcha choncho polemekeza Lilian Sclater, mwana wamkazi wa katswiri mnzake. Kambalameka kadali kakuuluka m'chigwa cha Shire kalekale azunguwo asadafike, ndiye ngati agogo anu ali nalo dzina lake m'Chiyao kapena m'Chichewa, afunseni ndipo mulilembe m'nkhani yanu. Ife pano tingokatcha kachinkhwe ka ku Liwonde.

Tizinkhwe timeneti timapezekanso ku Zambia, makamaka m'chigwa cha Luangwa, komanso ku Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania. M'Malawi muno kwawo kodziwika ndi paki ya Liwonde ndi madera oizungulira. Katswiri wa mbalame wa konkuno, Dr Tiwonge Mzumara, adachita kafukufuku wa tizinkhweti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, ndipo chiwerengero chimene chidapezeka m'pakimo chidali pafupifupi 4,000. Timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, kangapo m'mphako imodzi. Timadya njere za udzu ndi zipatso, ndipo nthawi zina timatuluka kukadya m'minda yoyandikana ndi paki. Sitikhala kutali ndi madzi, choncho m'chilimwe timasonkhana pa zithaphwi zochepa zomwe zatsala. Apa ndi pomwe pali ngozi yaikulu: opha nyama mozemba akathira poizoni pachithaphwi kuti aphe nyama ndi nkhanga, tizinkhwe timafera pomwepo tambirimbiri.

Mfundo zimenezi si zongokometsera phunziro. Iliyonse mwa izo ingathe kusanduka chopinga kwa mpangankhani wanu, ndipo chopinga ndicho chimabala kusamvana.

Mitengo mukuiona, chipata chili kutali

Chopinga choyamba ndi malo. Mu 2015 bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mogwirizana ndi boma, ndipo lidamanga mpanda wa magetsi kuzungulira pakiyo. Mpandawu udathandiza kwambiri kuchepetsa vuto la njovu zolowa m'minda ndi m'midzi. Koma inu, wosaka mbalame uja, mpandawo wakuimirani pakati. Mungathe kupalasa njinga mpaka kukafika pomwe mitengo ya tsanya ikuoneka tsidya linalo, osatha kuiyandikira. Kuti mulowe mwalamulo muyenera kukwera galimoto mpaka ku tawuni ya Liwonde, komwe kuli chipata chachikulu, kapena kuzungulira mpaka ku Ulongwe m'boma la Balaka, n'kukawoloka Shire pabwato kupita ku Mvuu. Zonsezi ndi ndalama. Ndipo ngakhale mutalipira pachipata, simungangoyamba kuyenda wapansi nokha m'tchire momwe muli njovu, njati, komanso mikango yomwe idabwezeretsedwamo mu 2018.

Onani msemphano umene uli pamenepa. Mlendo wochokera ku London angathe kutsika ndege pa Chileka Lolemba, Lachiwiri n'kukaona kachinkhwe kaja atakhala m'galimoto, magalasi oonera patali ali m'khosi. Inu mudabadwira pompo, mchombo wanu udakwiriridwa pafupi ndi nkhalangoyo, koma mwatha zaka ziwiri musadakaone. Palibe wakulakwirani. Mlendoyo sadakubereni kanthu, ndipo mpandawo ukuteteza chimanga cha amayi anu omwe. N'chifukwa chake kusamvana kotere kumawawa: mpangankhani alibe munthu woti amuloze chala.

Pamayeso, mukaona kuti mlembi wataya nthawi kufotokoza msewu, mtsinje, mpanda kapena mtunda, dzifunseni ngati malowo akungosonyeza komwe nkhani ikuchitikira kapena akulimbana ndi mpangankhani. Mayankho ambiri amene ndimachonga amangoti "malo: kumudzi" n'kupitirira. Yankho lotere ndi la malikisi amodzi.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake, koma sitichedwapo. M'dzinja tsanya amakhala ndi masamba ambiri, ndipo kambalame kobiriwira pakati pa masamba obiriwira n'kovuta kukaona ngakhale kakulira pamutu panu penipeni. M'chilimwe masamba amayoyoka, mbalame zimapita kumadzi m'mamawa, koma m'mamawa momwemo belu la kusukulu likukuitanani.

Mwaona, koma mwaona chiyani?

Tafika pa chopinga chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu kuposa zonse, ndipo ndi chomwe ophunzira ambiri sachiganizira n'komwe.

Ndi Loweruka m'mamawa. Mwaima kumapeto kwa munda wa mapira, mame anyowetsa buluku mpaka m'mawondo. Mwadikira maola awiri. Zabwera njiwa, zabwera mpheta, pumbwa wabwera n'kupita kasanu. Mwadzidzidzi mukumva kulira kwakuthwa, ndipo tinthu tobiriwira tinayi kapena tisanu tadutsa vuu! kulowera kumadzulo. Zatenga masekondi atatu. Dzuwa lidali kumaso kwanu. Magalasi oonera patali mulibe, foni yojambulira mulibe. Mwatsala ndi kope ndi cholembera m'manja, mtima ukugunda.

Tsopano vuto nali. M'dera lomwelo mumapezekanso chinkhwe china chobiriwira, chomwe m'mabuku amachitcha Brown-headed Parrot. Chimenechi n'chachikulupo, chopitirira masentimita 20, mutu wake ndi wotuwa moderako, ndipo kunsi kwa mapiko n'kwachikasu. Zitatera pamtengo simungazisokoneze. Koma pamasekondi atatu, dzuwa lili kumaso, kodi mudaona mlomo wofiira uja? Kamzere koyera ka padiso? Kapena mtima ndiwo udakuonetsani chomwe mwakhala mukuchilakalaka?

Pamene mukubwerera kunyumba, chithunzi chija chimayamba kusintha m'mutu. Pofika pamsewu, nkhope zija zayamba kufiira. Pofika pakhomo, mwatsala pang'ono kulumbira kuti mudaona ndi kamzere komwe. Lolemba ku kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu mnzanu akuti, "Iwe ingolemba basi. Adziwa ndani?" Ndipo akunena zoona, palibe angadziwe. Aphunzitsi oyang'anira kalabu adzakuyamikirani pamaso pa anzanu. Amene amakusekani aja adzakhala chete.

Kumeneku ndiye kusamvana kwa mumtima: mpangankhani kulimbana ndi iye mwini. Mbali imodzi ikufuna mpumulo ndi ulemu pambuyo pa zaka ziwiri za kutopa. Mbali ina ikudziwa kuti kope lokhala ndi bodza limodzi lasanduka kope lachabe, chifukwa mwini wake sangakhulupirirenso masamba enawo. Nkhaniyi siithera pa inu nokha. Mabuku osonyeza komwe mbalame zimapezeka, monga The Birds of Malawi lomwe Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006, amadalira zomwe anthu adaona n'kulemba pa zaka zambiri. Munthu akalemba kuti adaona mbalame pomwe sadaione, amasocheretsa onse obwera m'mbuyo mwake, kuphatikizapo amene akufuna kudziwa ngati mbalameyo ikuchuluka kapena ikutha.

Mukamawerenga nkhani iliyonse, kusamvana kwa mumtima mudzakuzindikira ndi zinthu ngati izi: mpangankhani amadzifunsa mafunso opanda womuyankha, amayamba chinthu n'kuchisiya, amasowa tulo, amanena china pomwe akuchita china. M'chitsanzo chathuchi, mlembi waluso sangalembe kuti "ndidali ndi maganizo awiri". Angatisonyeze cholembera chitaima pamwamba pa tsamba, kapena dzina la mbalame litalembedwa kenaka n'kufufutidwa mpaka pepala kubooka.

Kuseka kuja

Tsopano tibwerere ku kuseka kwanu kuja. Werengani ndime iyi, yomwe ndakulemberani ngati chitsanzo.

Ndidafika pakhomo dzuwa lili paliwombo, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Agogo adali patsinde pa mango, akusoka mphasa.

"Wabwerako kuubusa wa mbalame?" adandifunsa osadzutsa mutu.

"Ndabwerako, agogo."

"Nanga ndiwo zili kuti?"

"Sindimakagwira ayi, agogo. Ndimakangoziona."

Adaika singano pansi, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mtunda wonsewo, m'mimba muli pululu, kukaona mbalame. Kodi pumbwa akutha mapapayayu si mbalame?"

"Imene ndikufunayo ndi ina, agogo. Yobiriwira, yofiira kumaso."

"Ooo, tija timatha mapira tija? Mng'ono wako adabwera nato tiwiri chaka chatha. Tilibe ndi nyama yomwe, mafupa okhaokha."

Ndidalowa m'nyumba osayankha. Kope langa lidali m'thumba, tsamba la lero lili ndi deti lokha.

M'ndimeyi palibe wakweza mawu. Mnyamatayo sakuiwala kunena kuti "agogo" pa yankho lililonse, ndipo pamene zamupweteka kwambiri wangokhala chete, monga mwana woleredwa bwino amachitira. Chikhalirecho kusamvana kulipo kwakukulu. Ndi kusamvana kwa mpangankhani ndi chikhalidwe cha anthu omuzungulira, ndipo agogo akuimira anthu onsewo.

Chenjerani pano. Musafulumire kulemba kuti agogo ndi mpangankhani woipa kapena wosaphunzira. Maganizo awo ali ndi mutu. Kwa mlimi, mbalame yodya mapira ndi mdani, ndipo mbalame yogwidwa ndi ndiwo. Kufupi ndi kwanu komweko kuli nyanja ya Chilwa, yomwe idalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Kumeneko anthu akhala akusaka mbalame za m'madzi kuti adye ndi kugulitsa, ndipo nyanjayo itauma mu 1995 asodzi ambiri adadalira mbalame zomwezo kuti mabanja awo apulumuke. Munthu amene adaona zaka zoterozo ali ndi ufulu wodabwa akaona mdzukulu wake akutha nsapato posaka mbalame yoti sadya. Kusamvana kumakoma pamene mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Nkhani yomwe mbali imodzi ndi ya angelo ndipo inayo ndi ya afiti imatopetsa msanga.

Onaninso zipangizo zomwe zagwira ntchito. Mawu akuti "ubusa wa mbalame" ndi chipongwe chobisika, chifukwa mbalame za m'tchire siziwetedwa. Funso la pumbwa ndi funso la chodziwadziwa: agogo sakufuna yankho. Kutchulidwa kwa mng'ono uja ndi kalozera, ndipo tikuona posachedwa komwe akuloza. Chiganizo chomaliza sichikunena kuti mnyamatayo wakhumudwa. Tsamba lokhala ndi deti lokha lanena zonse.

Chokhumudwitsa kwambiri m'ndimeyi ndi chakuti chinthu chimene mnyamatayo wachisaka zaka ziwiri, mng'ono wake adachipeza osachifuna n'komwe, ndipo agogo adachilawa n'kuchipeza chosakoma.

Kadzidzi amene alendo amamulipirira ndalama

Ngati mukufuna kuti kusamvana ndi anthu kukule, sinthani mbalame. M'mbali mwa Shire, m'paki yomweyo, mumakhala kadzidzi wamkulu wodya nsomba. M'mabuku amamutcha Pel's Fishing Owl, dzina lomwe adapatsidwa mu 1850 polemekeza Hendrik Pel, Mdatchi yemwe adagwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Amatalika pafupifupi masentimita 60, nthenga zake ndi zofiirira ngati dothi la katondo, maso ake ndi akuda bii. Usiku amakhala panthambi yoyang'ana madzi n'kumagwira nsomba ndi zikhadabo. Masana amabisala m'kati mwa mitengo ya masamba owirira, osagwedezeka. Okonda mbalame amachokera maiko akutali kudzamufuna, ndipo ena amabwerera osamuona. Mawu amene amawapweteka kwambiri ndi aja woperekeza alendo amanena ataloza nthambi yopanda kanthu: dzulo adali pomwepa.

Tsopano kanenereni pakhomo kuti mukusunga ndalama zoti mukaone kadzidzi. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amati ndi malodza, ena amati watumidwa ndi mfiti. Mwana amene akumufunafuna dala, anthu amuganizira zotani? Apa nkhani yasiya kukhala yoseketsa. Mbiri ya mpangankhani, ngakhale ya amayi ake, ili pachiswe.

Kadzidzi pano ndi chizindikiro, ndipo ndi chitsanzo chabwino chosonyeza kuti chizindikiro sichikhala ndi tanthauzo limodzi lokhazikika. Kwa anthu a pamudzi akuimira imfa. Kwa mlendo akuimira mwayi. Kwa woperekeza alendo akuimira ntchito ndi chakudya cha ana ake. Mukafunsidwa tanthauzo la chizindikiro, nenani kuti chikutanthauza chiyani kwa yani, ndipo perekani umboni wochokera m'nkhanimo.

Mukukumbukira nthano ija ya kadzidzi amene adalamulira mbalame zonse poziopseza ndi nyanga zake, mpaka kambalame kena kolimba mtima, ena amati nthengu, kadazikhudza n'kupeza kuti ndi nthenga chabe? Kadzidzi wa nsombayu alibe ngakhale nthenga zoimirira zimenezo. Mutu wake ndi wozungulira. Mlembi wochenjera angathe kuigwiritsa ntchito mfundo imeneyi popanda kuifotokoza kwambiri.

Pampondachimera pali pati?

Ndikapereka mutu ngati uwu m'kalasi, nkhani zambiri zimatha mofanana. Mnyamata wavutika, wavutika, kenaka tsiku lina mbalame ija yabwera yokha kudzatera pamtengo wa pakhomo, anthu onse a m'mudzi n'kumupepesa. Zina zimawonjezera mzungu wachifundo amene akumutengera kusukulu ku Ulaya. Zina, zomwe zimandifoola kwambiri, zimati adadzidzimuka n'kupeza kuti adali maloto. Mathero oterewa ali ndi vuto limodzi: sachokera m'zochita za mpangankhani. Zopinga zonse zija, mpanda, nyengo, agogo, chikayiko, zangochotsedwa ndi dzanja la mlembi chifukwa pepala latsala pang'ono kutha.

Pampondachimera ndi pamene kusamvana kwafika poti mpangankhani sangathawenso kusankha. Si pamene pachitika chinthu chosangalatsa kwambiri. Tiyeni titsatire kalozera uja. Madzulo ena mng'ono wanu akuthamanga kuchokera kumunda, legeni ili m'khosi, nkhope yowala. "Achimwene, ndakupezerani! Si kameneka mumakafuna kaja?" Akutambasula dzanja. Mlomo wofiira, kamzere koyera kozungulira diso lotseka, thupi lidakali lofunda. Tsopano palibenso chikayiko. Chilichonse chomwe simudathe kuona pamasekondi atatu aja mukuchiona bwinobwino, mungathe ngakhale kuwerenga nthenga.

Apa kusamvana konse kwakumana pamalo amodzi. Mwanayo sadachite mwankhanza, wachita mwachikondi, ndipo wapha kambalameko chifukwa cha inu, popeza ndinu amene mwakhala mukukatchula usana ndi usiku. Okonda mbalame amawerengera mbalame yamoyo, yoonedwa ili mfulu kutchire. Ndiye mulemba m'kope kapena ayi? Mumukalipira mwanayo kapena mumuthokoza? Chilichonse chimene mpangankhani angachite apa chitiuza kuti iye ndi munthu wotani, ndipo wowerenga sangaloseretu. Mukafika pamalo otere m'nkhani yomwe mukuwerenga, ikanipo chizindikiro ndi pensulo, chifukwa mafunso a mayeso amakonda kuzungulira pamenepo.

Mathero a nkhani yotere sayenera kutalika. Mpangankhani angathe kufika kumapeto asadaione mbalame yamoyo, ndipo nkhani n'kukhala yathunthu, malinga ngati kusankha kwake kwaoneka.

Za miyambi

Ndikudziwa kuti ambiri mwaukonzekera kale mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi mwambi wabwino, ndipo ukugwirizana ndi mutuwu. Koma taonani: mnyamata wathuyu wadekha zaka ziwiri osaona kanthu, pamene mng'ono wake wosadekha waona kawiri. Mukaumata kumapeto kwa nkhani ngati phunziro, mwambiwo utsutsana ndi nkhani yanu yomwe. Uikeni m'kamwa mwa mpangankhani, mwachitsanzo aphunzitsi a kalabu akumulimbitsa mtima mnyamatayo, ndipo zochitika zisonyeze ngati mawuwo akwanira kapena ayi. Agogo nawo angathe kuponya wawo, wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, pomuchenjeza kuti mbalame zimulepheretsa mayeso. Miyambi iwiri ikakokana chonchi, yasanduka mbali ya kusamvana.

Wina adzafuna kulemba kuti mbalame ikakhala pauta siilasika, pongoona kuti muli mawu akuti mbalame. Mwambi umenewu umanena za kuvuta koweruza kapena kudzudzula munthu amene uli naye pafupi, monga m'bale wako. Sukunena za kusaka mbalame. Malo okhawo amene ungakwanire m'nkhani yathuyi ndi paja mng'ono watambasula dzanja, pamene wolakwayo ndi mwana wa mayi ako.

Poyankha funso la mayeso

Funso likati, "Fotokozani kusamvana kumene kuli m'nkhaniyi," musayambe kufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Ochonga amaidziwa kale. Tchulani amene akulimbana ndi chimene akulimbana nacho, kaya ndi munthu, chikhalidwe, chilengedwe kapena mtima wake womwe. Perekani chochitika chimodzi chotsimikiza zimenezo. Kenaka nenani chimene mpangankhaniyo angataye akagonja. Gawo lachitatuli ndi lomwe ambiri mumalisiya, chonsecho ndi lomwe limasonyeza kuti nkhaniyo mwaimvetsa. Yerekezani mayankho awiriwa. Woyamba walemba kuti, "Mnyamata sakugwirizana ndi mnzake." Wachiwiri walemba kuti, "Mnyamata akulimbana ndi mtima wake pamene mnzake akumuuza kuti alembe mbalame yomwe sadaitsimikize. Akalemba apeza ulemu ku kalabu, koma kope lake likhala lopanda ntchito ngakhale kwa iye mwini." Onse awiri awerenga nkhani imodzi, koma malikisi awo sangafanane.

Ntchito

1. Werenganinso ndime ya agogo ndi mdzukulu wawo. Pezani mawu awiri osonyeza kuti agogo sakunena zimenezi chifukwa cha udani.

2. Mpanda wa paki ukuthandiza banja la mpangankhani komanso ukumulepheretsa iye mwini. Fotokozani msemphano umenewu m'ziganizo zosapitirira zisanu.

3. Funsani munthu wachikulire wa kwanu maina a mbalame zisanu m'chiyankhulo chanu, ndi zimene anthu amakhulupirira pa iliyonse. Ndi iti mwa izo imene ingakhale chizindikiro m'nkhani, ndipo ingaimire chiyani kwa yani?

4. Lembani nkhani ya mawu 350 mpaka 500 kuyambira pamene mng'ono watambasula dzanja. Musagwiritse ntchito mawu akuti "kukhumudwa" kapena "chisoni" paliponse, ndipo pasapezeke munthu wachilendo wobwera kudzathetsa vutolo.